Makina aja sadamuphe mchemwali wanga

Foni ikalira 2 koloko usiku umadziwiratu kuti si moni. Adali mlamu wanga, ndipo mawu ake ankamveka ngati a munthu amene wathamanga mtunda wautali.

"Alamu, bwerani msanga. Akuti akufuna amuike pa makina. Amayi akukana. Ine mutu sukugwira, inu ndinu mwini mbumba, bwerani mudzanene."

Mchemwali wanga wamng'ono adali woyembekezera, masabata 31, mimba yachiwiri. M'nyengo yozizira ija ya June adayamba ndi kachifuwa, kenako kutentha thupi. Atayamba kupuma mwawefuwefu tonse tidati ndi mimba basi, nanga si amayi apakati amakhala ndi phuma akamayenda? Adamwa Panado masiku anayi. Tsiku lachisanu sankathanso kumaliza chiganizo osaima pakati kuti akoke mpweya. Pachipatala cha kwathu namwino adamupana chala ndi kachipangizo kooneka ngati pegi yoyanikira zovala, ndipo nambala idawerenga 84. Namwinoyo sadanene zambiri, adangothamanga kukaitana ambulansi. Pofika madzulo adali pachipatala chachikulu, atavala chophimba kukamwa ndi mphuno cholowetsera mpweya wa oxygen. Adapezeka ndi chibayo cha mapapo onse awiri.

Ndidawapeza amayi atakhala pansi pakhonde, atafunda chitenje kumutu ngati maliro achitika kale. "Mwana wanga," adatero, "bambo ako anawaika mpweya uja madzulo, mmawa tinanyamula maliro. Uyu ndiye akuti amugoneka tulo n'kumulowetsa paipi kukhosi, mwana ali m'mimba? Ayi. Bola timutenge tikamupempherere kunyumba."

Musawaseke amayi angawa. Mantha amenewa ali m'midzi ndi m'matauni momwe, ndipo ngakhale ine amene ndidapitako kusukulu, usiku umenewo mtima udali kumbali yawo. Tonse tidaonapo munthu ataikidwa pa oxygen n'kumwalira. Chomwe sitifunsa n'chakuti adafika kuchipatala ali motani. Nthawi zambiri timapita naye wodwala zinthu zitafika kale posauzana, mpweya n'kuperekedwa mphindi zomaliza, ndiye ife timakumbukira chinthu chomaliza chimene tidaona pankhope pake. Mlandu wa matenda ndi kuchedwa kwathu umagwera botolo la mpweya.

Amene adatimasula adali bambo wina wa ntchito yogonetsa anthu tulo pa opaleshoni. M'zipatala zathu ntchito imeneyi kawirikawiri imagwiridwa ndi ma clinical officer amene adaphunzira mwapadera, ndipo ndi iwo amene amadziwa bwino za makinawa. Adatenga pepala, n'kukhala pabenchi pafupi ndi amayi, n'kuyamba kujambula chifuwa cha munthu. Zomwe adatiuza, pamodzi ndi zomwe ndidadzawerenga pambuyo pake, ndi zomwe ndikufuna ndikugawireni.

Mayi woyembekezera amapumira anthu awiri. Thupi lake limadya oxygen wochuluka, pafupifupi 20 peresenti kuposa mmene limadyera asali ndi pakati. Koma pomwe njala ya mpweya ikukula, nkhokwe yake ikuchepa. Chiberekero chikamakula chimakankhira mmwamba mnofu wotambalala uja umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, mpaka masentimita 4, ndipo mpweya umene umatsalira m'mapapo munthu akapumira kunja umatsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Zili ngati banja limene alendo achuluka pomwe chimanga m'nkhokwe chatsika. Masiku abwino zimayenda. Chibayo chikangobwera n'kudzadza timatumba ta m'mapapo ndi madzi ndi mafinya, mayiyo amagwa msanga kuposa munthu wina aliyense wa msinkhu wake.

Ndipo mwana m'mimba alibe mapapo ogwira ntchito. Amatapa oxygen m'magazi a mayi ake kudzera mu nsengwa, n'kutayiranso momwemo mpweya wake woipa. N'chifukwa chake kwa mayi wapakati achipatala amafuna nambala ya pachala ija isatsike pa 95, pomwe kwa wodwala wina akhoza kulekerera kuti itsikeko pang'ono. Ya mchemwali wanga, ngakhale adali pa oxygen wotsegulidwa mpaka kumapeto, inkangovinavina cha m'ma 88, ndipo ankapuma koposa ka 40 pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20. Minofu yopumira imatopa ngati minofu ina iliyonse. Bamboyo adati akuopa kuti kukamacha adzakhala atatheratu mphamvu, ndipo kumulowetsa paipi panthawi imeneyo kudzakhala koopsa kuposa kuchita tsopano akadali ndi kamphamvu.

Apa mpomwe padali mfundo yonse, ndipo ndidaimvetsa mochedwa. Kuika paipi yopumira mwa mayi woyembekezera ndi imodzi mwa ntchito zimene ngakhale akatswiri amazichita mtima uli mmwamba. Kukhosi kwake kumakhala kotupa ndipo sikuchedwa kutuluka magazi, motero amasankha paipi yocheperako. Zam'mimba sizichedwa kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, ngozi imene dokotala wina wa ku New York, Curtis Mendelson, adaifotokoza mwa amayi obereka m'chaka cha 1946. Komanso mankhwala ogonetsa akangogwira n'kusiya kupuma yekha, nambala ija imagwa mofulumira kwambiri chifukwa nkhokwe ija ndi yochepa. Ndi ntchito yofuna kukonzekera, zida zonse zili pafupi, munthu wodziwa kwambiri ali kumutu kwa bedi. Si ntchito yoyamba wodwala atakomoka kale chifukwa abale amakangana pakhonde.

Amayi adafunsa funso limodzi lokha: ngati makinawo amachiritsa. Bamboyo adayankha moona kuti ayi. Adati makina ali ngati mnzako amene wakulandira mtolo wa nkhuni pamutu kuti upumeko. Nkhunizo sizidafike kunyumba, koma iwe sugwa panjira. Ochiza ndi mankhwala opha tizilombo, ndi thupi lenilenilo likapatsidwa masiku. Sadalonjeze kuti achira. Adati pali amene amamwalira ali pa makina, ndipo akhoza kukhala mmodzi wa iwo, koma popanda makinawo iye sakuona njira ina. Ndikhulupirira kuti kusanama kumeneku ndi kumene kudawafewetsa amayi. Adanditembenukira n'kuti, "Iwe ndiye malume a anawa, ukaona bwanji?" Ndidati, "Amayi, tiyeni tiwalole ayese." Mlamu adasaina.

Tidachita mwayi umene ambiri sauona: m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene achipatala amangoti ICU, mudali bedi limodzi lopanda munthu.

Ndidaloledwa kulowa tsiku lotsatira pa nthawi yoona odwala. Ndisaname, ndidafuna kubwerera pakhomo. Adali chigonere, maso atatsekedwa, paipi itamangidwa pakamwa, kachubu kena kali m'mphuno kodyetsera, ndipo chifuwa chinkakwera ndi kutsika motsatira phokoso la makina. Bedi lidali lokwezedwa kumutu, ndipo adamutsamiritsa chakumanzere ndi mapilo kumsana. Ndidaganiza kuti wapendekeka mwangozi, ndidafuna kumukonza. Namwino adandigwira dzanja. Kuyambira masabata 20, mayi akagona chagada chiberekero chimapsinja mitsempha ikuluikulu ya kumsana imene imabweza magazi kumtima. Magazi opita kwa mayi ndi kwa mwana amachepa. Kumupendeketsa kumanzere kumachotsa katunduyo pamitsemphapo. Kukweza kumutu nako kumathandiza kuti zam'mimba ndi malovu zisatsikire m'mapapo n'kuyambitsa chibayo china, chimene ndi vuto lodziwika kwa odwala a pa makina.

Chimene chidandidabwitsa kwambiri ndi kuchepa kwa mpweya umene makinawo ankapopa. Ine ndinkayesa kuti munthu wobanika umamupopera wambiri. Ayi ndithu. Mapapo odwala chonchi amakhala ngati chibaluni chonyowa chimene mbali yaikulu yamatana. Ukapopa mwamphamvu umang'amba kachigawo kabwino kamene katsala. Vutoli madokotala amalitcha ARDS, ndipo lidafotokozedwa koyamba mu 1967 ndi madokotala a ku Denver, m'dziko la America. Kafukufuku wamkulu amene adatuluka m'chaka cha 2000 adaonetsa kuti odwala opatsidwa mpweya wochepa, mamililita 6 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera koyenerana ndi kutalika kwawo, ankapulumuka ambiri kuposa opatsidwa mamililita 12. Kwa mayi wamsinkhu wa mchemwali wanga ndiye kuti kupuma kumodzi ndi mpweya wongoposa pang'ono botolo la Fanta la 300ml. Makinawo amasiyanso kamphamvu kena m'mapapo pomaliza kupuma kulikonse kuti timatumba tija tisafote.

Koma kwa mayi wapakati nkhaniyi ili ndi mchira. Ukapopa pang'ono, mpweya woipa wa carbon dioxide umachulukirako m'magazi. Kwa odwala ena madokotala amazilekerera ndithu. Mayi woyembekezera mwachibadwa amapuma mozama, ndipo mpweya woipawu umakhala wotsika m'magazi ake kuposa mwa anthu ena, cholinga chake n'chakuti wa mwana uzipeza kotsikira. Ukachuluka kwambiri mwa mayi, mwana amavutika kutaya wake. Ukautsitsa mopitirira muyeso, mitsempha ya chiberekero imafinyika ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Ndiye woyendetsa makina amayenda pakanjira kopapatiza, kuteteza mapapo a mayi kwinaku akuganizira munthu wina amene sakumuona. Tsoka lake, kafukufuku wamkulu wa makinawa nthawi zambiri sankaphatikizamo amayi oyembekezera, motero zambiri zimadalira nzeru ndi kukambirana kwa madokotala a amayi, a ana ndi a ku ICU.

Tsiku lachiwiri ndili momwemo magetsi adathima. Batire la makina ake lidali lofooka, ndipo adayamba kulira mokweza. Ndisadadziwe n'komwe chochita, namwino adali atachotsa kale paipi ya makina n'kulumikiza chithumba cha labala, n'kumachifinya ndi dzanja, maso ali pa nambala ija. Adafinya mpaka jenereta idalira. Mwina zidali mphindi zitatu, koma kwa ine chidali chaka. Pambuyo pake ndidadzawerenga kuti chisamaliro chonsechi chidayambira pa chithumba chotere. Mu 1952 mliri wa poliyo udavuta mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, ndipo odwala ambiri ankafa chifukwa minofu yopumira idapuwala. Dokotala wogonetsa tulo, Bjørn Ibsen, adapereka nzeru yoboola pakhosi n'kumapopera mpweya m'mapapo, ndipo popeza makina adalibe, ophunzira udokotala mazanamazana ankasinthana usana ndi usiku kufinya matumba ndi manja. Imfa zidatsika kwambiri. Namwino wathu uja mwina sadamvepo za Ibsen, koma dzanja lake lidali lomwelo.

Funso limene lidatizunza kwambiri lidali la mwana. Achibale ankaimba foni, aliyense ndi nzeru zake: bwanji osangomuchotsa mwanayo kuti mayi apume bwino? Zimamveka zanzeru, ndipo nanenso ndidafunsa. Dokotala wa amayi adati sizophweka choncho. Kuchotsa mwana nthawi zina kumapepukitsa mapapo a mayi, koma osati nthawi zonse, pomwe opaleshoni pathupi lodwala kale ili ndi zoopsa zake: kutaya magazi, ndi madzi ambiri amene amabwerera m'mitsempha mayi akangobereka, amene akhoza kulemetsanso mapapo. Mwana wa masabata 31 nayenso mapapo ake amakhala asadakhwime. Adati mankhwala abwino a mwana ali m'mimba ndiwo kusamala mayi ake, ndipo opaleshoni adzachita pokhapokha mmodzi wa awiriwo akaonetsa kuti sangadikirenso. Adamubaya jekeseni za dexamethasone zokhwimitsa mapapo a mwana, zimene zimaperekedwa pakati pa masabata 24 ndi 34 kukaoneka kuti mwana abadwa masiku asadakwane, ndipo azamba ankabwera pafupipafupi kudzamvetsera mtima wake. Adamujambulanso X-ray ya chifuwa, imene amayi ankaiopanso. Mphamvu yake imene imafika kwa mwana ndi yochepa zedi poyerekeza ndi ngozi yochiza mongoganizira.

Tsiku lachinayi mtima wa mwana udayamba kutsika n'kumachedwa kubwerera. Adamutengera ku fiyeta makina ali pomwepo. Adabadwa mwana wamwamuna wa makilogalamu 1.6, ndipo adathamangira naye ku nazale n'kumuika pa kamakina kake kothandizira kupuma, kaja ka timachubu ta m'mphuno ndi botolo la madzi otuwira thovu. Kamakina kameneka kotchedwa Pumani kadapangidwa mogwirizana ndi akatswiri a Rice University ya ku America ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Amayi, amene masiku anayi m'mbuyomo ankafuna kuthawitsa mwana wawo kuopa mpweya, adaima pawindo la nazale kuyang'ana mdzukulu ali ndi machubu m'mphuno, osanena kanthu. Adangofunsa namwino ngati kamwanako kakumva kuzizira.

Ndanena za chibayo chifukwa ndicho tidakumana nacho, koma njira zofikitsa mayi wapakati pa makinawa n'zambiri, ndipo zina tikuzidziwa bwino. BP yokwera ya pamimba, ija imatupitsa nkhope ndi manja mpaka mayi kukomoka, imatha kudzadza madzi m'mapapo. Tizilombo tolowa m'magazi mayi akabereka kapena akapita padera timatha kuwononga mapapo ngakhale vuto lidayambira m'chiberekero. Malungo aakulu, chifuwa chachikulu, chibayo cha anthu amene chitetezo chatsika ndi HIV, mphumu yosasamalidwa, mtima umene udawonongeka paubwana koma osadziwika mpaka mimba itaulemetsa, magazi oundana amene amachoka kumwendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Pa mliri wa chimfine cha H1N1 mu 2009 mayiko ambiri adaona kuti amayi oyembekezera ndiwo ankadwala kwambiri, ndipo Covid-19 idabwerezanso phunzirolo. Nthawi ya Covid yomweyo madokotala adazolowera kugoneka chafufumimba ngakhale amayi apakati, atawaikira mapilo pachifuwa ndi m'chiuno kuti mimba isapsinjike, chifukwa kagonedwe kameneka kamatsegula mbali ya kumsana ya mapapo.

Tonse tikukumbukira January wa 2021, pomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, bwalo la Bingu ku Lilongwe n'kusanduka chipatala, ndipo Amalawi wamba motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani adasonkha ndalama zogulira mpweya ndi zipangizo. Nthawi imeneyo mawu akuti ventilator adalowa pakamwa pa aliyense, ndipo andale ankawerenga makina ngati akuwerenga ng'ombe. Ine nditakhala sabata pakhomo la ICU ndidaona kuti kuwerenga makina n'kudzinamiza. Makina amodzi amafuna namwino wake usana ndi usiku, wopopa makhololo m'paipi, wotembenuza wodwala, wotsuka m'kamwa, womva kulira kwa alamu n'kudziwa tanthauzo lake. Amafuna oxygen wosadukiza, magetsi, mankhwala ogonetsa, labu yoyeza magazi, ndi mmisiri woti akawonongeka akonze. Popanda zimenezi makina a mamiliyoni amangokhala kabati yofundikidwa nsalu pakona. Fakitale yopanga oxygen imene idatsegulidwa pa Queen Elizabeth mu 2020 mothandizidwa ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome, kwa ine, idali nkhani yaikulu kuposa makina khumi olandiridwa ndi kuwomba m'manja pabwalo la ndege.

Ndipo ngati mundifunsa chimene chidapulumutsa mchemwali wanga poyambirira, ndikuuzani kuti ndi kapegi ka pachala kaja. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100 000 aliwonse obadwa amoyo. Ambiri mwa amayi amenewa sadafike n'komwe pafupi ndi ICU, pakuti zipinda zoterezi zili m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo mabedi ake ndi owerengeka. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amapulumuka ngati pachipatala chaching'ono pali kachipangizo koyezera, pali oxygen, pali mankhwala a chibayo ndi a BP, ndipo ambulansi ili ndi mafuta komanso botolo la mpweya la panjira. Ife abale mbali yathu ndi yosavuta kuinena ngakhale tidailephera: phuma la mimba limabwera pang'onopang'ono ndipo mayi amatha kuyankhula ndi kugona. Akamabanika atangokhala, akamalephera kumaliza mawu, akamakana kugona pansi chifukwa mpweya ukuthawa, milomo ikamada, akamatsokomola kwinaku thupi likutentha, amenewo si matenda odikira tsiku la sikelo. Ife tidataya masiku anayi ndi Panado, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati akadafikako pa makina tikadapita tsiku lachiwiri.

Achipatala nawo ndili nawo pempho. Mphindi 20 zimene bambo uja adakhala pabenchi ndi pepala lake zidagwira ntchito imene kukalipa sikukadagwira. Ndidaonapo magadiyani ena pakhonde lomwelo akungouzidwa kuti "sainani apa" osadziwa chomwe akusainira, ndipo ndi omwewo amene amakafalitsa kumudzi kuti makina amapha.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri adayamba kumuchepetsera mankhwala ogonetsa, makina n'kumangomuthandiza pomwe iye wayamba yekha kukoka mpweya. Adatsegula maso paipi ikadali kukhosi, osatha kuyankhula. Dzanja lake lidayenda pang'onopang'ono mpaka pamimba, n'kupeza kuti yaphwa. Misozi idayamba kutsika, nambala ya mtima n'kukwera, alamu n'kulira. Palibe amene adaganizapo zoti munthuyu adagona ali ndi pakati ndipo sakudziwa chilichonse. Mlamu adatulutsa foni manja akunjenjemera, n'kumuonetsa chithunzi. "Mayi a mwana, ali moyo uyu. Ali ku nazale, agogo ake akumufungatira pachifuwa." Adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako adatseka maso.

Paipi adaichotsa mmawa mwake. Mawu adali osasa kwa masabata awiri, ndipo miyendo idali yofooka moti kupita kubafa ankachita kugwiriziza. Za sabata yonse ija sakumbukira kanthu kupatula maloto oipa amene safuna kuwafotokoza. Tikumukankha pa njinga kupita ku wodi ya amayi, ndidacheuka. Anamwino awiri adali atayamba kale kupukuta matiresi a bedi lija, ndipo pakhomo padali machira ena, pali mtsikana wamimba yaikulu, clinical officer akufinya chithumba cha labala pankhope pake. Pakhonde padali mayi wina wachikulire atakhala pansi, chitenje kumutu. Amayi adatisiya ife tikupitirira, n'kukakhala pansi pafupi naye.